Mano a Njinga ndi Manyazi a pa Chikweza

Achinyamata anzanga, masiku ano njinga za mpikisano zachuluka m'matauni athu a ku Migodi. Ndi zija za matayala oonda ngati chala, za mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Zambiri zimafika zitagwirapo kale ntchito kunja, monga momwe zimafikira zovala za salaula. Pamalo osalala zimauluka ndithu. Koma kaimeni tsiku lina pa msewu wa Ndola ndi Kitwe, pamene msewu umayamba kukwera kuchoka ku mtsinje wa Kafue. Mudzaona mnyamata ataimirira pa mapedulo, njinga ikupendekera uku ndi uku, thukuta lili kamukamu. Ena amatsika n'kuyamba kukankha, nkhope itagwa ngati aba nkhuku.

Akafika pamwamba amadziimba mlandu kuti ndi wofooka, ndipo anzake amamuseka. Komatu kawirikawiri mlandu suli m'miyendo. Uli m'mano a njingayo. Manowo sanabwere mwangozi ayi. Anawasankha ndi anthu ena, m'dziko lina, pa zifukwa zawozawo, patachitika mkangano wa zaka zoposa 30 woti kodi mwamuna weniweni n'koyenera kupeputsa njinga yake pokwera phiri.

Tiwerenge mano

Tiyambe ndi masamu ochepa, a giredi 7 chabe. Tcheni chimalumikiza zitsulo ziwiri za mano. Chachikulu chili ku mapedulo, ndipo muno tizichitchula kuti mbale. Chaching'ono chili pa gudumu la kumbuyo, pa fuliwilo. Mbale ikakhala ndi mano 44, kumbuyo kukakhala mano 22, ndiye kuti mukatchova kamodzi gudumu limazungulira kawiri. Gudumu la njinga ya mpikisano likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.1. Choncho potchova kamodzi mwayenda mamita 4.2, ndipo pa chikweza mwendo wanu wakweza thupi lanu, njinga ndi katundu yense pa mtunda wonsewo ndi kuponda kumodzi.

Amene munanyamulapo njerwa pomanga tchalitchi mumvetsa msanga. Njerwa 100 mungazitute 10 pa ulendo umodzi, kapena zinayi pa ulendo umodzi. Njerwa ndi zomwezo, ntchito ndi yomweyo. Wonyamula 10 amaoneka ngwazi m'mawa, koma dzuwa likafika pamutu mumupeza pansi pa mtengo. Giya yopepuka ndiko kututa zinayizinayi. Mano akachepa ku mbale, kapena akachuluka kumbuyo, kuponda kulikonse kumapepuka, kungoti mumaponda kambiri.

Giya imodzi ya agogo athu

Ndola inakhazikitsidwa mu 1904, ndipo njanji inafika m'dera lino mu 1909. Migodi ikuluikulu inabwera pambuyo: Roan Antelope ku Luanshya inayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933, Nchanga mu 1939. Tauni ya Kitwe inabadwa mu 1936 pafupi ndi Nkana. Pakati pa anthu amene anakhamukira kuno panali agogo athu olankhula Chinyanja, ochokera ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ku Petauke, ndi ku Nyasaland. Ena mwa iwo ndi amene anayambitsa mpingo wa Union Church in the Copperbelt ku Ndola mu 1925, antchito okhaokha, osadikira mmishonale.

Wa ku migodi akasunga ndalama, zinthu zimene ankalakalaka zinali zodziwika: suti, makina osokera, galamafoni ndi njinga. Njingazo zinali Raleigh, Humber, Phillips ndi Hercules zochokera ku England, zakuda, zolemera, za mabuleki a ndodo zachitsulo ndi magudumu a mainchesi 28. Pambuyo pake kunabwera za ku India ndi za ku China zopangidwa mofanana nazo. Munthu wobwerera kumudzi ndi njinga yotere ankalandiridwa ngati mfumu. Alaliki, akatekisti ndi aphunzitsi anayenda nazo m'makomboni ndi m'midzi kwa zaka zambiri, Buku Lopatulika litamangidwa pa keliyala.

Pafupifupi zonse zinali za giya imodzi. Sikuti magiya kunalibe. Kampani ya Sturmey-Archer ya ku Nottingham inayamba mu 1902 kupanga magiya atatu obisika m'kati mwa gudumu la kumbuyo. Koma anali okwera mtengo, ndipo akafa kumudzi ndani akanawatsegula? Giya imodzi imakonzedwa ndi sipanala ndi mwala. Komanso dziko lathu la ku Migodi ndi lathyathyathya ndithu. Tili pamwamba, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, koma zikweza zathu ndi zazitali chabe, si zoongoka. Munthu wopanda katundu giya imodzi inkamukwanira.

Vuto linali kwa wonyamula. Njinga zambiri za mtundu umenewu zili ndi mano 44 kapena 46 ku mbale ndi 18 kumbuyo, kutanthauza mamita oposa 5 pa kuponda kumodzi. Tsopano mangani matumba atatu a malasha kumbuyo. N'chifukwa chake mpaka lero mbandakucha mumaona abambo olowa m'tauni ndi malasha akukankha njinga paliponse pamene msewu wakwera. Njinga yasanduka wilibala. Ndipo wopita kwawo Kum'mawa ankadziwa kuti mapiri a Manenekela, pa msewu wa Great East, sakambirana ndi giya imodzi.

Ufulu utabwera mu 1964, boma linamanga mafakitale m'zigawo: mabatire ku Mansa, magalasi ku Kapiri Mposhi, tiyi ku Kawambwa. Chipata inalandira Luangwa Industries, fakitale ya njinga za Eagle, imene kampani ya Tata inagula m'zaka za m'ma 1990 ndipo pambuyo pake inaleka kupanga njinga. M'zaka zomwezo basi za UBZ zinatha, migodi ya ZCCM inagulitsidwa kufikira mu 2000, ndipo mabanja ambiri amene anataya ntchito anabwerera ku njinga kuti apeze ya ufa. Malire atatseguka ku malonda, njinga za magiya zinayamba kulowa zambiri, zatsopano ndi zakale zomwe. Za mpikisano zija zinalowera khomo lomwelo.

Koma njinga ya mpikisano yakale, ngakhale ili ndi magiya 10 kapena 12, imalemerabe pa chikweza. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kupita kumene inaleredwa, ku France.

Wamalonda a silika ndi mkonzi wa nyuzipepala

Njinga ya tcheni, ya magudumu awiri ofanana, inatchuka ndi John Kemp Starley wa ku Coventry mu 1885. Sipanapite nthawi anthu okhala kumapiri anaona chilema chake. Mmodzi wa iwo anali Paul de Vivie, wobadwa mu 1853, amene anasiya malonda a nsalu za silika n'kuyamba za njinga mumzinda wa Saint-Étienne. Mu 1887 anayambitsa magazini ya Le Cycliste, ndipo ankalembamo ndi dzina loti Vélocio.

Nkhani imakambidwa kuti mu 1889, akukwera phiri la Col de la République pafupi ndi kwawo, anapitiriridwa ndi mmodzi wa owerenga magazini ake, amene ankatchova modekha uku akusuta kaliwo. Vélocio anazindikira kuti mnzakeyo sanamupose mphamvu, anangomuposa giya. Koma akanati aike giya yopepuka yokhayokha, pamalo osalala akanayenda ngati nankhwawa kwa nthawi yonse. Panafunika magiya angapo pa njinga imodzi. Anayamba ndi mbale ziwiri, n'kumasuntha tcheni ndi dzanja. Anayesa njinga za matcheni awiri. Mumzinda womwewo ena anapanga njinga yoti ukatchova chakutsogolo uli pa giya yolemera, ukatchova chobwerera m'mbuyo njinga ikupitabe kutsogolo koma pa giya yopepuka. Pang'onopang'ono kunabadwa kachitsulo kokankha tcheni kuchoka pa mano ena kupita pa ena, kamene Afalansa anakatcha derailleur. Ife tizingoti chosinthira.

Vélocio sanali wa mipikisano. Anali wa maulendo, ndipo anayendabe maulendo ataliatali ali ndi zaka za m'ma 70, kufikira pamene anagundidwa ndi sitima ya m'tauni mu 1930. Pamwamba pa phiri lija pali chipilala chomukumbukira.

Wotsutsana naye anali Henri Desgrange, mkonzi wa nyuzipepala ya L'Auto, amene anayambitsa mpikisano wa Tour de France mu 1903. Kwa iye mpikisano wabwino unali umene munthu amavutika mpaka kutsala pang'ono kufa. Amakumbukiridwa ndi maganizo oti magiya ndi a anthu opitirira zaka 45, ndi kuti kupambana ndi minofu n'kwaulemu kuposa kupambana ndi kachipangizo. Inetu ndimaona kuti bamboyu ankagulitsa nyuzipepala ndi ululu wa anthu ena. Iye ankalemba, ena ndi amene ankakwera.

Mu 1910 anatumiza mpikisanowo ku mapiri a Pyrenees. Tsiku limodzi anyamata anayenda makilomita 326, kuchoka ku Luchon kukafika ku Bayonne, kudutsa mapiri anayi akuluakulu, limodzi mwa iwo Tourmalet, lotalika mamita 2,115, misewu yake ili ya miyala. Octave Lapize, amene anapambana tsikulo komanso mpikisano wonse wa chaka chimenecho, anatsika n'kukankha njinga m'malo ena, ndipo pa phiri la Aubisque anakalipira okonza mpikisano kuti ndi zigawenga zopha anthu. Taonani bwino pamenepa: katswiri woposa onse wa chaka chimenecho anakankha njinga. Mnyamata wa ku Chimwemwe kapena wa ku Chifubu amene wakankha yake ali m'gulu la anthu olemekezeka.

Chimene chinkaloledwa chinali chochititsa chisoni. Gudumu la kumbuyo linkakhala ndi mano mbali zonse ziwiri, ochepa mbali ina, ambiri mbali ina. Ukafika patsinde pa phiri unkatsika, kumasula manati, kutembenuza gudumu, kumanganso, ndiyeno kukwera. Pamwamba unkabwerezanso. Ku Italy amakamba za Tullio Campagnolo, amene mu November 1927, pa phiri la Croce d'Aune, zala zake zinauma ndi chisanu mpaka analephera kumasula manati, anzake n'kumusiya. Mu 1930 analembetsa luso lake la kakhasu komasulira gudumu popanda sipanala, kamene mukaona pa njinga zanu lero, ndipo mu 1933 anatsegula kampani yake ku Vicenza.

Desgrange anagwira chitseko mpaka atadwala. Mu 1936 Jacques Goddet anatenga udindo woyendetsa mpikisanowo, ndipo mu 1937 akatswiri onse analoledwa kukhala ndi chosinthira. Anapambana ndi Roger Lapébie. Apa n'kuti anthu wamba, amayi ndi okalamba omwe, atakwera kale mapiri omwewo ndi magiya kwa zaka zambiri.

Chifukwa chake 42

Lamulo linasintha, koma mtima wa Desgrange unatsalira m'zitsulo. Kwa zaka zambiri njinga ya mpikisano inkatuluka ndi mbale ziwiri, ya mano 52 ndi ya 42, ndipo kumbuyo mano aakulu kwambiri ankathera pa 21, 24, mwina 28. Wopempha zoposa apo ankaonedwa ngati wofooka. Panalinso chifukwa cha kapangidwe. Mbale imamangidwa ndi mabawuti asanu oikidwa mozungulira. Pa zitsulo za Campagnolo, zimene makampani ambiri anatengera, mzere wa mabawutiwo unali wa mamilimita 144 m'mimba mwake, moti mbale yochepera mano 41 kapena 42 sinkalowapo. Pamene unachepetsedwa kufika pa 130, mbale ya 39 inatheka, ndipo 53 ndi 39 zinakhala mwambo watsopano.

Ndiye njinga imene mwagula ija, ngati ili ya zaka za m'ma 1970 kapena 1980, inapangidwira mnyamata wophunzitsidwa mpikisano, wodya bwino, wosanyamula kanthu, woyenda pa tala wosalala. Giya yake yopepuka kwambiri, 42 ndi 24, ndi mamita 3.7 pa kuponda kumodzi. Inu mwaikweza chikwama cha mabuku, ng'oma ya kwaya, kapena kathumba ka ufa, m'mimba muli tiyi yekha. Simukupikisana ndi anzanu, mukupikisana ndi maganizo a munthu amene anamwalira mu 1940.

Amene anathyola mwambowu anali anthu a kunja kwa mipikisano. A ku Japan ndiwo anapanga chosinthira kukhala chodalirika ndi chotsika mtengo: SunTour mu 1964, ndi Shimano imene mu 1984 inabweretsa magiya ogwera pamalo pake ndi kaphokoso koti tha. Ku California, m'zaka za m'ma 1970, achinyamata oseweretsa njinga m'tinjira ta m'mapiri anayambitsa njinga za matayala onenepa, za mbale zitatu ndi mano ambiri kumbuyo, ndipo palibe ankachita nazo manyazi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mbale za 50 ndi 34, za mabawuti a mamilimita 110, zinalowa pa njinga za mpikisano.

Lero akatswiri eni ake ndi amene amafuna giya yopepuka. Pa mapiri oopsa ngati Angliru ku Spain amaika mano 32 kapena 34 kumbuyo, zimene Desgrange akanaziona ngati zamanyazi. Chris Froome, wobadwira ku Nairobi, anapambana Tour de France kanayi pakati pa 2013 ndi 2017, ndipo ankadziwika ndi kupukusa miyendo mofulumira pa giya yopepuka pokwera phiri. Mu 2015 Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea anavala malaya a madontho ofiira, amene amapatsidwa kwa wotsogola pa kukwera mapiri. Ndipo mu September 2025 mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Kigali, nthawi yoyamba mu Africa, pa zikweza za mzinda umenewo.

Palinso mbali ya nkhaniyi imene inachitikira pakhomo pathu. Bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, linafika m'Zambia mu 2006 kudzagawa njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala Edzi m'makomo, ambiri a iwo a m'mipingo. Njinga zoyamba zitavutika ndi misewu yathu, kunabadwa njinga ya Buffalo, ya keliyala yonyamula makilogalamu 100, koma ya giya imodzi, pa chifukwa chomwe chija cha agogo athu: chosinthira chimapindika, chimadana ndi fumbi, ndipo kumudzi chimasowa. Mu 2024 anatulutsa ina yotchedwa S2, ya magiya awiri opanda chosinthira cholendewera. Ili ndi matcheni awiri, ndipo posintha giya umangobweza mapedulo m'mbuyo pang'ono. Tcheni chimodzi chikaduka, china chimakufikitsa kunyumba. Matcheni awiri ndi kutchova chobwerera: nzeru zija za ku Saint-Étienne zinagona zaka zoposa 100 n'kudzukira kwa mlimi wonyamula mkaka.

Kwa okonza njinga

Nkhaniyi ikutikhudza monga magulu a achinyamata. Tikakonza ulendo wa pa njinga wokachezera mpingo wina, otsalira m'mbuyo ndi omwe aja nthawi zonse: ang'onoang'ono, atsikana obwereka njinga ya mlongo wawo, ndi amene anyamula miphika ya gulu lonse. Ulendo wotsatira sabweranso, ndipo timati alibe chidwi. Ena amalimbikira pa giya yolemera mpaka mawondo kuyamba kupweteka, poopa kusekedwa. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Musanapite kwa okonza njinga ku Chisokone kapena ku Masala, gwadani muwerenge mano anu: a mbale yaing'ono ndi a chitsulo chachikulu kwambiri cha kumbuyo. Njira yotsika mtengo ndi kusintha kumbuyo. Njinga zakale zambiri zili ndi fuliwilo yomangidwa ndi mazinga, ndipo ya mano 14 mpaka 28 imapezeka mosavuta. Ndi mbale ya 42, imeneyi imakutsitsani kufika pa mamita 3.2. Ilipo ina yofika mano 34, imene imatsitsa kufika pa 2.6, ndipo poyerekeza ndi 24 uja, kuponda kulikonse kumapepuka ndi magawo atatu mwa khumi. Koma chosinthira chachifupi cha njinga ya mpikisano nthawi zambiri chimathera pa mano 28. Kuti mufike pa 34 pamafunika chachitali, cha njinga ya kumapiri, ndipo chakale chogwira bwino chimakwanira. Njinga zatsopanoko zili ndi mano ovulidwa pagudumu mwa njira ina, choncho mmisiri aone kaye mtundu wake, ndi kuchuluka kwa magiya, musanagule kanthu.

Kusintha mbale n'kokwera mtengo, chifukwa ngati mabawuti ali a 144 kapena 130, mbale ya 34 siilowa, ndipo muyenera kugula chitsulo chonse cha mapedulo. Ndi 34 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, kuponda kumodzi ndi kuzungulira kumodzi kwa gudumu, mamita 2.1 basi. Kuno ku Migodi ambiri sangafunikire kufika pamenepo, pokhapokha ngati akulota za Manenekela.

Wa njinga ya giya imodzi asaganize kuti taiwala za iye. Kuchotsa fuliwilo ya mano 18 n'kuika ya 22 kumapeputsa kuponda ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu. Pamalo osalala adzayenda pang'onopang'ono kuposa kale, koma wonyamula malasha kapena tomato sathamangira mendulo. Ngati bambo anu kapena amalume anu amakankha njinga m'mawa uliwonse, auzeni za masamu amenewa.

Chinthu chimodzi musachiiwale: mano akachuluka kumbuyo, tcheni chiyenera kutalika. Chikakhala chachifupi, tsiku limene mudzaika mbale yaikulu pamodzi ndi mano aakulu a kumbuyo, chosinthira chidzakokedwa n'kupindikira mu masipoko. Ndipo ngati tcheni chatha, gulani chatsopano, chifukwa chakale chimalumpha pa mano atsopano. Musanalipire, mmisiri anyamule gudumu la kumbuyo m'mwamba, inu muzungulitse mapedulo ndi dzanja, ndipo mudutse magiya onse limodzilimodzi, kuyambira lolemera mpaka lopepuka, pa mbale zonse ziwiri.